Foni Yamutulutsa DJ Kuseri kwa Tebulo

Chimanga chikalowa m'nkhokwe, fodya n'kupita kumsika, m'boma la Chifunde mumayamba nyengo ya maukwati. Kuyambira mwezi wa Juni mpaka mvula yoyamba, Loweruka silidutsa popanda zoimbira kumveka penapake, kaya ndi ku Mualadzi, ku Nsadzu, kaya m'midzi ya m'mbali mwa msewu wopita kuchipata cha Cassacatiza. Masiku ano ukwati sukoma ngati palibe mnyamata woika nyimbo, uja amatchedwa DJ, ndipo ankhoswe akamawerengera mbuzi, mpunga ndi chimera, ndalama ya mnyamata ameneyu nayonso imakhala pamndandanda.

Tsono pali chachilendo chimene chayamba kuoneka m'maukwati ena. Tebulo la zoimbira lili pakhonde, palibe wakhalapo, koma nyimbo zikusintha. DJ ali pakati pa anthu, foni ili m'manja. Akakhudza pagalasi la foniyo nyimbo imatsika kuti woyendetsa mwambo alankhule, akakhudzanso imakwera. Agogo ena akaona zotere amagwira pakamwa, n'kumafunsana kuti mwanayu anapita kwa sing'anga wa kuti. Palibe sing'anga, palibenso chizimba. Ndi nzeru ya makina chabe, ndipo ndi bwino kuti eni maukwati, ankhoswe ndi mafumu aidziwe, poti ndiwo amalipira, ndiponso ndiwo amaweruza milandu zinthu zikalakwika.

Kumene zachokera

Kale woimba nyimbo sankakhala patali ndi ovina. Pa chimtali kapena pa chitelele, ng'oma ndi manja zimakhala pabwalo pomwepo. Pa Gule Wamkulu woimba mbalule sachotsa maso pamapazi a gule: gule akafulumiza iye amafulumiza, gule akaima iye amadula. Luso lonse la ng'oma lagona pamenepo, kuona ovina ndi kuwatsata.

Makina atabwera, woika nyimbo anayamba kutalikirana ndi bwalo. Amuna amene ankapita kukagwira ntchito ku Salisbury, komwe lero ndi Harare, ndi kumigodi ya ku Joni, ankabwera ndi galamafoni yopukusa ndi malekodi ake. Dziko litalandira ufulu mu 1975, m'nyumba zambiri munalowa wailesi ya Xirico. Nkhondo itakula, anthu ambiri a m'boma lino anathawira ku Zambia ndi ku Malawi, ena mpaka kumsasa wa Ukwimi cha ku Petauke, ena cha ku Mchinji. Mgwirizano wa mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, anthu anayamba kubwerera kumabwinja awo, ndipo m'katundu wa ena munali wailesi ya kaseti. Zaka zimenezo mabwalo ankagwedezeka ndi nyimbo za Alleluya Band ya ku Balaka ndi za Lucius Banda, kalindula wa Amayenge wa ku Zambia, ndi sungura ya Leonard Dembo wa ku Zimbabwe. Amene analipo akukumbukira mnyamata atakhala pampando, akuzunguliza kaseti ndi bolopeni kuti asathe mabatire.

Pambuyo pa kaseti panabwera CD, kenaka fulashi ndi memore khadi. Movitel itayamba ntchito mu 2012 n'kuimika nsanja zake m'midzi, foni ya m'manja inafika ngakhale kumene galimoto safika. Koma zonsezi zinali ndi vuto limodzi: nthambo. Ampulifaya imafuna nthambo yochokera kubatire, masipika amafuna nthambo yochokera ku ampulifaya, ndipo woika nyimbo amamangidwa pamene nthambozo zathera. Amakhala kuseri kwa masipika, pamene mawu samveka monga akumvekera kwa ovina. Ndi chifukwa chake nthawi zambiri amayi amakuwa kuti, "A DJ, tsitsaniko, ana agontha kuno!" iye osamva, kapena anthu a kumapeto kwa bwalo n'kumadandaula kuti nyimbo sikufika iye akuyesa kuti zonse zili bwino.

Njira ziwiri zosiyana

Anthu ambiri akaona DJ ali ndi foni amayesa kuti njira yake ndi imodzi. Zilipo ziwiri, ndipo kusiyana kwake ndi kwakukulu.

Njira yoyamba ndi imene pafupifupi mnyamata aliyense amaidziwa. Nyimbo zili m'foni, ndipo foniyo imazitumiza kusipika kapena ku ampulifaya kudzera pa Bluetooth. Bluetooth ndi kawailesi kakang'ono ka m'kati mwa foni. Anakayamba ndi akatswiri a kampani ya Ericsson ya ku Sweden mu 1994, ndipo dzinalo linatengedwa kwa Harald Bluetooth, mfumu ya ku Denmark imene inalamulira zaka zoposa 1,000 zapitazo. Sikadya mayunitsi, sikafunanso netiweki. Koma mphamvu yake ndi yochepa. Mafoni ambiri amafika mamita 10 okha, ngati mapazi aakulu khumi, ndipo mafunde ake sadutsa bwino m'thupi la munthu chifukwa thupi ndi lodzaza madzi. Pabwalo popanda anthu nyimbo imamveka bwinobwino, koma anthu 200 akadzaza pakati pa foni ndi sipika, imayamba kudukaduka ngati munthu wachibwibwi. Komanso mawu a pa Bluetooth amachedwerako pang'ono, mwina gawo limodzi mwa magawo asanu a sekondi. Kwa womvera chabe si kanthu, koma kwa DJ wofuna kulumikiza nyimbo ziwiri kuti mapazi a ovina asasokonezeke, kuchedwa kumeneko ndi kokwanira kuononga gule.

Njira yachiwiri ndi imene ili yatsopano kuno. Nyimbo sizikhala m'foni ayi. Zimakhala mu tabuleti, ija imaoneka ngati foni yaikulu ngati buku, kapena mu laputopu. Tabuletiyo imakhala patebulo, yolumikizidwa ku ampulifaya ndi nthambo, ndipo m'kati mwake muli pulogalamu ya DJ, yoonetsa mbale ziwiri pagalasi monga malekodi awiri akale. Foni ntchito yake ndi kutumiza mawu olamula basi: yamba, ima, tsitsa, kweza, lowetsa nyimbo inayo. Zili ngati mwini ngolo amene akuyenda pambali ndi mkwapulo, katundu ali m'ngolo. Foni ikazima kapena DJ akapita patali kwambiri, nyimbo siima, imangopitirira, chifukwa sinali kudutsa m'foni.

Mapulogalamu otere alipo angapo. Wodziwika kwambiri pakati pa anyamata a m'matauni a Tete, Chipata ndi Lilongwe ndi VirtualDJ, amene anatuluka mu 2003. Iyeyu amagwira pa kompyuta ndi pa matabuleti a Windows, ndipo ali ndi kamnzake koika m'foni kotchedwa VirtualDJ Remote. Foni ndi kompyutayo zimayenera kukhala pa Wi-Fi imodzi kuti zimvane. Wi-Fi imeneyi sikutanthauza intaneti. Foni imodzi ikhoza kuyatsa hotspot, kapena pakhoza kuikidwa karauta kakang'ono patebulo, makinawo n'kumalankhulana okhaokha popanda kudya yunitsi ngakhale imodzi. Pamalo a poyera Wi-Fi imafika patali kuposa Bluetooth.

Pa matabuleti a Android ndi iPad pali mapulogalamu ena monga djay wa kampani ya Algoriddim ya ku Germany, Cross DJ ndi edjing. Ena mwa amenewa amamva malamulo a m'chinenero cha makina oimbira chotchedwa MIDI, chimene makampani a ku Japan ndi ku America anagwirizana mu 1983, ndipo pali mapulogalamu a m'foni monga TouchOSC amene amasandutsa galasi la foni kukhala mabatani otumiza malamulo oterowo. Koma si tabuleti iliyonse imene imamvana ndi foni iliyonse, ndipo mbali zina za mapulogalamuwa zimatsekuka pokhapokha munthu atalipira. Mnyamata amene akufuna kugula tabuleti ku Tete, ku Katete kapena ku Chipata ayese kaye pomwepo m'sitolo, foni yake ili m'manja, asanatulutse ndalama ya fodya wa chaka chonse. Safunsa anadya phula.

Phindu lake

Phindu loyamba ndi lakuti DJ amamva zimene anthu akumva. Akhoza kuima pamene pakhala apongozi, n'kuona ngati akutha kumvana polankhula. Akhoza kupita kumapeto kwa bwalo, n'kumva ngati nyimbo ikufika. Nkhani ya makutu si yamasewera. Mu 2022 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linachenjeza kuti achinyamata oposa 1 biliyoni ali pachiopsezo choononga makutu awo chifukwa cha phokoso la nyimbo, ndipo linalangiza kuti m'malo a zisangalalo phokoso lisapitirire madesibelo 100. Khutu likafa ndi phokoso silichira, ngakhale munthu atapita kuchipatala chachikulu cha ku Tete. Amene amakonda kuunjikana pakamwa penipeni pa sipika ndi ana ang'onoang'ono, ndipo DJ wokhala kuseri sawaona. Woyendayenda amawaona, n'kutsitsa kapena kuwasuntha.

Phindu lachiwiri lili pa perekaniperekani. Apa ndi pamene banja latsopano limapezera poyambira, ndipo kuno kumalire m'lichero mumagwa ndalama za mitundu itatu: metikali, kwacha ya ku Zambia ndi kwacha ya ku Malawi. Gulu lililonse likaitanidwa, akuchimuna, akuchikazi, a kumpingo, anzake a mkwati, limafuna nyimbo yake. DJ akachedwa kuipeza, bwalo limazizira, ndipo dzanja limene linali litalowa kale m'thumba limatulukamo lopanda kanthu. Koma akaima pafupi ndi woyendetsa mwambo, amamva gulu limene likudza, n'kukonzeratu nyimbo yake anthuwo asananyamuke pampando. Kukuwirana kuja kwa "A DJ, dulani!" kumatha.

Phindu lachitatu ndi ulemu. Amfumu akaimirira kuti alankhule, nyimbo iyenera kuima nthawi yomweyo. Ankhoswe akafuna kupereka malangizo, kapena abusa akafuna kupemphera, ndi chimodzimodzi. Mthenga akafika ndi uthenga wa zovuta za m'mudzi woyandikana, si bwino kuti zoimbira zipitirire kulira pamene wina akuthamangira kutebulo kukafuna DJ. Amene ali ndi foni m'manja, ali pakati pa anthu, amadula ndi chala chimodzi.

Matope ake

Walira mvula walira matope. Mavuto ambiri amagwera amene akugwiritsa ntchito njira yoyamba ija, ya nyimbo za m'foni. Munthu akaimba foni, nyimbo imaduka, ndipo pa masipika ena mudzi wonse umamva kulira kwa foniyo, mwinanso mawu a woimbayo. Uthenga wa mawu wa pa WhatsApp ukatsegulidwa foni ikadali pa Bluetooth, umatulukira pasipika. Zachinsinsi za munthu zikhoza kumveka pamaso pa apongozi ndi amfumu, ndipo mlandu wake sutha ndi nkhuku imodzi. Mankhwala ake ndi osavuta: foni iikidwe pa chizindikiro cha ndege chija kuti isalandire mafoni, kenaka Bluetooth iyatsidwenso payokha. Kuchita zimenezi kumathandizanso kuno kumalire, kumene foni imadumphira payokha pa netiweki ya ku Zambia kapena ya ku Malawi n'kumatha batire posakasaka nsanja.

Vuto lina ndi la olanda nyimbo. Masipika ambiri otchipa amalola foni iliyonse imene yayamba kufika, ndipo ena akale nambala yawo yachinsinsi ndi 0000 kapena 1234, imene mwana aliyense amaidziwa. DJ akangotalikira pang'ono, foni yake n'kuduka, mnyamata wina woledzera akhoza kulumikiza yake n'kuika nyimbo yotukwana mkwatibwi akulowa. Pa njira yachiwiri izi sizichitika wamba, chifukwa ampulifaya ili pa nthambo, ndipo Wi-Fi imatsekedwa ndi mawu achinsinsi a zilembo zosachepera 8. Mawu amenewo asakhale dzina la DJ kapena 12345678, ndipo asauzidwe aliyense.

Magetsi nawo ndi nkhani. Ngakhale damu la Cahora Bassa lili m'chigawo chomwe chino cha Tete, midzi yambiri ya m'boma la Chifunde imadalira sola, batire ya galimoto ndi jenereta. Batire ya mavoti 12 yolembedwa 100Ah imasunga mphamvu yokwana pafupifupi mawati 1,200 kwa ola limodzi, koma ikamatsitsidwa kupitirira theka siikhalitsa. Ndiye kuti zoimbira zodya mawati 100 ziyenera kuigwiritsa ntchito maola 6 okha. Ukwati woyamba masana n'kufika usiku umafuna mabatire awiri, kapena sola yodzaza dzuwa likadalipo. Foni imene yayatsa hotspot imatha batire msanga kuposa masiku onse ndipo imatentha, choncho pamafunika pawabanki m'thumba. Jenereta yaing'ono imakweza ndi kutsitsa magetsi mosayembekezeka, ndipo machaja ambiri apsa motero. Ndi bwino kudzaza foni ndi tabuleti usiku wa Lachisanu kusiyana ndi kuzilumikiza ku jenereta gule ali m'kati.

Dzuwa la mu Okutobala nalo silimvana ndi tabuleti. Ikatentha kwambiri imazima yokha pofuna kudziteteza. Iikidwe pamthunzi, patali ndi fumbi la ovina ndi zikho za thobwa. Ndipo popeza DJ wachoka patebulo, pamafunika munthu wokhulupirika wotsalapo. Tabuleti ndi yopyapyala, imalowa m'malaya, ndipo malire ali pafupi. Mutu umodzi susenza denga: ntchito imeneyi ndi ya anthu awiri, wina pabwalo, wina patebulo.

Chomaliza, makina ndi makina. Tsiku lina foni ndi tabuleti zidzangokana kumvana popanda chifukwa chooneka. DJ wanzeru amakhala ndi fulashi ya nyimbo yobaya kale mu ampulifaya, kuti zikavuta angodina batani gule n'kupitirira. Nyimbo zonse zikhale zosungidwa m'makinamo, osadalira kuzikoka pa intaneti tsiku lomwelo, chifukwa anthu akachuluka pamalo amodzi netiweki imafooka.

Kwa eni ukwati ndi mafumu

Ankhoswe akamakambirana ndi DJ asangomva mtengo wokha. Amufunse kuti nyimbo zake zili m'foni kapena mu tabuleti, ndiponso kuti foni ikalira chidzachitike n'chiyani. Amufunse za mabatire, ndi za amene adzatsale patebulo. Amuuze abwere Lachisanu adzayese zida zake pabwalo lomwelo, ayende ndi foni mpaka kumapeto aone pamene ikudukira. Ndalama yonse isaperekedwe ntchito isanachitike. Theka poyamba, theka pomaliza, pamaso pa mboni za mbali zonse ziwiri, ndiye kuti Lolemba sipadzakhala mlandu kwa amfumu.

Agwirizanenso za nyimbo. Galasi la foni ndi laling'ono, chala chikhoza kuphonya, choncho DJ akonzeretu mindandanda: ya polowa akwati, ya perekaniperekani, ya kumpingo, ya achikulire, ya achinyamata. Nyimbo zimene sizingaimbidwe pamaso pa apongozi zisapezeke n'komwe pamndandanda wa masana. Ola lotsekera ligwirizanidwe ndi amfumu, poganizira odwala, ana a sukulu ndi mabanja amene ali pa maliro. Popeza DJ tsopano ali pakati pa anthu, sangathenso kunamizira kuti sanamve.

Pali chinanso chimene akuluakulu akhala akudandaula, chakuti masipika ameza ng'oma. M'maukwati ambiri amayi safikanso poimba nyimbo zawo zolangiza mkwatibwi, chifukwa zoimbira siziima kuyambira m'mawa. Komatu chaka chilichonse kumapeto kwa Ogasiti, mafumu a Achewa a ku Mozambique, Malawi ndi Zambia akasonkhana ku Mkaika m'boma la Katete pa mwambo wa Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi, chimene chimakoka anthu ndi ng'oma zenizeni. Mu 2005 bungwe la UNESCO linaika Gule Wamkulu pa mndandanda wa chuma cha chikhalidwe cha anthu a padziko lonse, m'dzina la maiko atatu onsewa. Foni siiletsa zimenezi. Ndipotu imapeputsa ntchito yopatsana mpata, chifukwa DJ akaona amayi ayamba kumanga zitenje m'chiuno ndi kuomba m'manja, akhoza kudula pomwepo, chimtali n'kulowa, iye n'kudzayambiranso amayiwo akatopa. Eni ukwati anene poyera pokambirana paja kuti ola lakutilakuti ndi la ng'oma ndi la anamkungwi.

Kwa anyamata amene akufuna kudya za ntchito imeneyi, mawu ndi awa. Kalembera wa 2007 anapeza anthu oposa 100,000 m'boma lino, ndipo achuluka kuposa pamenepo. Maukwati, zinkhoswe, ziliza ndi masewera a mpira sizidzatha, koma oika nyimbo nawonso akuchuluka, ndipo eni ukwati amauzana. Amene amaitanidwanso chaka chamawa si amene ali ndi masipika aakulu kuposa anzake. Ndi uja amene sanagonthetse ana, sanachititse manyazi apongozi, anadula amfumu ataimirira, ndipo lichero linadzaza. Tabuleti ndi foni zimagulidwa m'sitolo, koma kuyang'ana mapazi a ovina kumaphunziridwa kwa oimba mbalule, ndipo m'midzi ya Chifunde akadalipo ambiri oti n'kuwafunsa.